Chovala cha Akani chinali pansi pa hema

Lero ndalemba motalika, choncho pezani pokhala.

Mwaimva kangati nthabwala ya mayi amene sangadutse pa mulu wa kaunjika osawerama? Imanenedwa pa chilangizo cha ukwati, pa madyerero, ngakhale pa guwa penipeni, ndipo mpingo wonse umaseka. Mlaliki akafuna kudzudzula kusakaza chuma amathamangira pa Yesaya 3, pamene mneneri akuwerenga zokometsera za akazi a ku Yerusalemu chimodzichimodzi, ndipo maso onse amatembenukira kumbali kumene kwakhala amayi. Abambo amagwedeza mitu movomereza, ena a iwo ali ndi ngongole zitatu zimene akazi awo sakuzidziwa. Ine ndikuti kasekedwe kameneka kakutipweteka pawiri. Mayi amene akudwala timamchititsa manyazi m'malo momuthandiza, ndipo bambo amene akudwala nthenda yomweyo sitimuona n'komwe mpaka zinthu zitafika poipa.

Tsegulani Yoswa 7. Munthu amene anakopeka ndi chovala chokongola cha ku Sinara, pamodzi ndi masekeli 200 a siliva ndi golide wolemera masekeli 50, anali mwamuna, dzina lake Akani. Sindikunena kuti Akani ankadwala ayi. Iye anatenga zimene Mulungu analetsa, ndipo mlandu wake unali wina. Chimene ndikufuna muone ndi chimene anachita nacho chovalacho. Sanachivale. Sakanatha kuchivala pamaso pa anthu. Anachikwirira m'nthaka pakati pa hema wake, ndipo ankagona pamwamba pake usiku uliwonse akudziwa chimene chili pansi. Chinthu chimene mtima unachilakalaka kwambiri chinasanduka chobisa tsiku lomwelo chitangofika m'manja. Gwiritsitsani chithunzi chimenechi, pakuti madokotala amene amaona anthu ogula mosadziletsa amapeza zomwezi m'nyumba zawo: katundu wosamasula m'mapepala, nsapato zosapondapo pansi, zinthu zobisidwa pamwamba pa kabati kapena kwa mnzawo.

Nthendayi si yachilendo kwa madokotala. Emil Kraepelin, katswiri wa matenda a m'maganizo wa ku Germany, anailemba m'buku lake mu 1915 naitcha oniomania, ndiko kunena misala yogula. Eugen Bleuler wa ku Switzerland anaibwereza mu 1924. Kuyambira masiku amenewo inkatengedwa ngati nthenda ya akazi, ndipo zimene zinkaoneka m'zipatala zinkachitira umboni maganizowo, pakuti mwa anthu 10 alionse obwera kudzafuna thandizo, 8 kapena 9 ankakhala akazi. Kwa zaka zambiri nkhani inkathera pomwepo.

Koma gulu lotsogozedwa ndi Lorrin Koran wa pa yunivesite ya Stanford ku America, limene linafalitsa zotsatira zake mu 2006, linachita zosiyana. M'malo modikira odwala pa khomo la chipatala, linaimbira mafoni anthu akuluakulu 2,513 m'makomo mwawo ndi kuwafunsa za kagulidwe kawo. Linapeza kuti mwa akazi 100 alionse, 6 anali ndi vutoli, ndipo mwa amuna 100 alionse chiwerengero chinali 5.5. Onani kuyandikana kwake. Pali kafukufuku wina amene amapezabe akazi ali patsogolo pang'ono, ndipo zimenezo sindikuzibisa. Koma phompho lalikulu lija la akazi 9 pa mwamuna mmodzi silioneka mukafunsa anthu kwawo. Phompholo linali la amene amabwera kudzanena, osati la amene akudwala. Zili ngati mlendo atalowa m'tchalitchi mkati mwa sabata, napeza amayi a Mvano ali pa msonkhano wawo, n'kukalengeza kwawo kuti mpingo uno mulibe amuna. Ziwerengerozi n'za ku America, ndipo sindikuzimata pa Malawi. Koma khalidwe la mwamuna losafuna kunena chimene chikumudya, limenelo sitifunika kuoloka nyanja kuti tikalione.

Tsono ndifotokoze chimene tikunena, kuti wina asatenge mawu anga n'kukakwapula nawo mkazi wake chifukwa chogula chitenje cha Khirisimasi. Kugula chinthu chabwino si matenda. Kulakwitsa bajeti mwezi umodzi si matenda. Kukongola ndalama ya feteleza kapena ya fizi chifukwa malipiro sakukwana ndi umphawi, ndipo umphawi uli ndi ulaliki wakewake. Chimene madokotala amanena ndi ichi: munthu maganizo ake amangozungulira pa kugula, mumtima mumakhala chipsinjo chimene chimakula mpaka atagula, pa nthawi yopereka ndalama amamva kupepukidwa, mwina chimwemwe, ndipo asanafike n'kunyumba komwe, chisoni ndi manyazi zamugwira. Walumbira kambirimbiri kuti wasiya, koma wabwereranso. Amagula zimene sazifuna, ndi ndalama zimene alibe, ndipo akudziwa kuti abale ake atadziwa kuchuluka kwake akhoza kugwira pakamwa. Kawirikawiri zimayamba munthu ali wachinyamata, cha m'ma zaka 18 mpaka 20 ndi kupitirira pang'ono, pamene wayamba kugwira ndalama yakeyake. Akatswiri amene mu 2016 anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti ndi pafupifupi anthu akuluakulu 5 mwa 100 alionse. Madokotala akadakambiranabe za gulu la matenda limene vutoli liyenera kuikidwamo. Buku la madokotala a ku America la 2013 silinalipatse malo akeake, pamene mndandanda wa matenda wa bungwe la WHO umene unayamba kugwira ntchito mu 2022 umalitchula pakati pa mavuto a kulephera kudziletsa. Mkangano wa dzinawo tiwasiyire iwo. Mabanja amene akulira sakudikira dzina.

Kusiyana kwenikweni pakati pa amayi ndi abambo kuli pa zimene amagula, ndi pa dzina limene amazipatsa. Amayi ambiri a vutoli amagula zovala, nsapato, zikwama, zodzola ndi ziwiya za m'nyumba. Abambo amagula zamagetsi, zipangizo, ndi zokhudza galimoto. Tsono taganizirani. Diresi latsopano limalowa m'tchalitchi Lamulungu m'mawa, anthu mazana akuliona, ndipo alipo amene amawerenga kuti ili ndi lachinayi mwezi uno. Koma foni yachitatu ili m'thumba. Masipika aakulu ali pabalaza, ndipo alendo amayamikira kuti bambo akuno ndi otsogola. Galimoto imene yakhala pa miyala kuseri kwa nyumba chaka chachitatu, imene mwezi ndi mwezi imagulidwa sipeya wina osadzukabe, imatchedwa pulojekiti. Mayi akagula timati wasakaza. Bambo akagula amati waika ndalama pa katundu, kapena akuti n'za bizinesi, ndipo palibe amene amafunsa kuti bizinesiyo inabweretsapo tambala liti. Ngakhale kunja kuja madokotala anaona kuti mwamuna wa vutoli amakonda kudzitcha wosonkhanitsa zinthu, dzina laulemu, pamene mkazi amavomera msanga kuti kugula kwamulaka.

Zaka zimene ndinagwira ntchito m'boma zinandionetsa mbali imene mpingo suiona. Tsiku la malipiro likafika, panali abambo olemekezeka, ovala mataye, amene kapepala ka malipiro kankawafika katadyedwa kale ndi ngongole zodulidwa ndalama isanafike m'manja, ndipo yotsalayo inkadikiridwa pa geti ndi wa katapila. Ena mwa iwo sankamwa mowa, sankayenda ndi akazi. Ukafunsa kumene ndalama inapita, unkapeza wailesi pamwamba pa wailesi, masuti, mawotchi, zida zimene sanazigwiritsepo ntchito. Kunyumba mayi ankauzidwa kuti boma lachedwetsa malipiro. Ndipo mayi yemweyo, akapempha ya ndiwo kawiri pa sabata, ndiye ankatchedwa wosadziwa kusunga ndalama.

Pansi pa kugulako nthawi zambiri pamakhala chinthu china, ndipo apa ndipo ndikufuna mukhazikike. Ambiri a vutoli amapezekanso ndi matenda a kukhumudwa kapena a nkhawa. Kugula kumakhala ngati mankhwala opha ululu amene munthu wadzilembera yekha: amagwira ntchito ola limodzi, kenaka ululu umabwerera utaonjezedwa ngongole. Bungwe la WHO limati matenda a kukhumudwa amapezeka kwambiri mwa akazi, moti pa amuna awiri odwala pamakhala akazi pafupifupi atatu. Mwa amayi, vuto la kugula limayendanso nthawi zina ndi vuto la kadyedwe, monga kudya mopitirira muyeso mobisa kenaka n'kudzida. Mwa abambo, chipsinjo cha mumtima chimakonda kutulukira ku mowa ndi ku juga, ndipo masiku ano juga yalowa m'foni, kubetcha pa mpira kumachitika munthu ali pa mpando wa m'tchalitchi. Mayi wokhumudwa amalira, ndipo anzake a Mvano amamuona. Bambo wokhumudwa amakwiya, amakhala chete, amachedwa kubwera kunyumba, ndipo timati ndi khalidwe lake. Kumbukirani Ahabu pa 1 Mafumu 21: mfumu yokhala ndi nyumba yachifumu, koma italephera kupeza munda wa Naboti inakagona pa kama, kutembenuza nkhope, kukana chakudya. Alipo a Ahabu ambiri m'nyumba zathu amene sitinawafunsepo chimene chikuwasowetsa mtendere.

Tinaphunzitsa ana athu aamuna kuti mwamuna salira. Mtengo wa chiphunzitso chimenechi tikuulipira ku manda. Pa dziko lonse, amuna odzipha amaposa akazi kuwirikiza kawiri ndi kupitirira, ndipo kuno kwathu malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ochuluka mwa odzipha ndi amuna, ngongole ndi mavuto a m'banja zikutchulidwa kawirikawiri pakati pa zifukwa. Sindikunena kuti onsewo anali ogula mosadziletsa. Ndikunena kuti ngongole yobisika, ikakhala pa munthu amene anaphunzitsidwa kusanena, ndi chinthu choopsa kuposa diresi lililonse limene tinalisekapo.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukuganiza, makamaka akulu anzanga: kodi a mkulu sakusandutsa tchimo kukhala matenda? Funsolo n'loyenera, ndipo ndiliyankha ndi chitsanzo. Pali nthenda yonjenjemeretsa thupi yotchedwa Parkinson. Ena mwa mankhwala ake amagwira ntchito motsanzira dopamine, chinthu cha mu ubongo chimene chimakhudzana ndi chilakolako ndi kuyembekezera chokoma. Kafukufuku wa mu 2010 pa odwala 3,090 a ku America ndi Canada anapeza kuti pafupifupi 14 mwa 100 alionse anali ndi vuto la kulephera kudziletsa, monga juga, kugula, kudya kapena chilakolako cha thupi, ndipo vutoli linali lochuluka mwa amene ankamwa mankhwala amenewo. Kugula ndi kudya mopitirira zinkaoneka kwambiri mwa akazi, chilakolako cha thupi mwa amuna. Ambiri mwa anthuwa anali achikulire amene anakhala moyo wodzisunga zaka zonse, ndipo dokotala akasintha mankhwala, khalidwelo nthawi zambiri limachepa. Kodi pamenepo bwalo la akulu likanaweruza bwanji? Palinso nthenda ina ya m'maganizo imene munthu amasinthasintha pakati pa kukhumudwa kwakukulu ndi kusangalala kopitirira muyeso. Ikamukweza, sagona, amalankhula mosalekeza, amapanga mapulani aakulu, ndipo akhoza kumwaza ndalama ya chaka chonse m'masiku atatu. Mukaona zizindikiro zimenezi mwa m'bale wanu, mwamuna kapena mkazi, musayambe ndi kumuitanira ku bwalo. Thamangirani naye ku chipatala.

Tsono tchimo lilipo. Bodza limene munthu wauza mkazi wake kapena mwamuna wake ndi bodza, ndipo liyenera kulapidwa. Ndalama ya fizi ya mwana ikapita ku nsapato kapena ku sipeya, mwanayo walakwiridwa, ndipo dzina la matenda silibweza ndalamayo. Koma thupi ndi ubongo n'zolengedwa ndi Mulungu yemweyo amene analenga mzimu, ndipo zimadwala. Ife a Chipresibiteriya tinalandira Uthenga Wabwino pamodzi ndi chipatala. Pa Nkhoma, pa Mulanje, pa Ekwendeni, tchalitchi ndi chipatala zinamangidwa moyandikana. Makolo athu m'chikhulupiriro sanaone kutsutsana pakati pa pemphero ndi mankhwala a malungo. Sindikuona chifukwa chakuti ife tikuone pa matenda a m'maganizo.

Ena adzati iyi ndi nthenda ya azungu, ya anthu a ndalama. Ife tigula chiyani? Kafukufuku uja wa 2006 anapeza kuti ogula mosadziletsa ankapezeka kwambiri pakati pa anthu a malipiro ochepa kusiyana ndi olemera. Nthendayi sifuna sitolo ya magalasi. Mulu wa kaunjika ukwanira, wogulitsa woyenda m'maofesi amene amati tengani mudzalipira pa mapeto a mwezi akwanira, ngongole ya pa foni imene imabwera munthu atangodina kawiri ikwanira. Ndipo chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense ali ndi chifukwa chomveka chonena kuti ndigule lero mawa zikwera. Kwa munthu wabwinobwino amenewo ndi nzeru. Kwa wodwala ndi chofunda chabwino chobisalamo. Inunso a ku Johannesburg ndi ku Britain, amene makadi a ngongole ndi malonda olipira pang'onopang'ono ali pa foni yanu usana ndi usiku, dzifunseni ngati masutikesi a mphatso amene mumabwera nawo akuchokera m'chikondi chokha, kapena mbali ina akuchokera m'kusungulumwa. Ifenso olandira tili ndi mlandu, pakuti timavina pa bwalo la ndege osafunsa.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa, ndicho banki m'khonde. Magulu amenewa athandiza mabanja ambiri, ndipo ochuluka mwa mamembala ake ndi amayi. Choncho ngongole ikalephereka, dzina limene limatchulidwa ndi la mayi. Amene amalandidwa ndowa, matiresi ndi mbale anthu akuonerera ndi mayi. Nthawi zina ndalamayo anaigwiritsadi ntchito iye mwini pa zinthu zosafunika, ndipo ameneyo akufunika thandizo, osati nyimbo zomunyoza. Koma kangati ndalamayo inatengedwa chifukwa bambo anati kanditengere, ndibweza Lachisanu? Pa 2 Mafumu 4 pali mkazi wamasiye amene wangongole anabwera kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Malemu mwamuna wake anali wa m'gulu la aneneri, munthu woopa Mulungu, wodziwika kwa Elisa. Masiku ano tikanati anali mkulu wa mpingo. Malembo sanena chimene chinabweretsa ngongoleyo, ndipo ine sindimunamizira. Koma amene anaima pa khomo kuyang'anizana ndi wangongole anali mkazi. Elisa sanamufunse kuti unkagula chiyani. Anamufunsa chimene chatsala m'nyumba, ndipo anayambira pa kambiya ka mafuta.

Inu mayi amene mwadziona m'mawu awa, amene muli ndi thumba limene munalisiya kwa mnzanu kuti bambo asalione: simuli nokha, ndipo simuli chitsiru. Dzifunseni kuti chilakolako chogula chimakugwirani nthawi iti. Kodi ndi pamene mwakangana kunyumba, pamene mwanyozedwa, pamene nyumba yakhala zii ana atapita? Thandizo limene laoneka kuti limagwira ntchito kwambiri ndi uphungu umene umaphunzitsa munthu kuzindikira maganizo amene amatsogolera kugulako ndi kuwasintha, makamaka pa gulu la anthu a vuto lofanana. Palibe piritsi lovomerezeka la nthendayi payokha, koma kukhumudwa ndi nkhawa zimene zili pansi pake zili ndi mankhwala. Zing'onozing'ono zimathandizanso: kupita ku msika ndi mndandanda ndi ndalama yokwanira mndandandawo basi, kupita ndi munthu amene mumamukhulupirira, kulola usiku umodzi udutse musanagule chimene simunachikonzekere, kutuluka m'magulu a WhatsApp a malonda.

Inu bambo, ndikuchenjezeni poyamba: musatenge kalata iyi ngati chilolezo cholanda mkazi wanu ndalama zake kapena kumuwerengera tambala iliyonse. Imeneyo ndi nkhanza, ndipo nkhanza imakulitsa chipsinjo chimene chimamutumiza ku msika. Ngati mukufuna kuti mabuku atsegulidwe, yambani ndi anu. Ikani pa tebulo kapepala ka malipiro, mauthenga a ngongole a pa foni, ndi dzina la aliyense amene muli naye ngongole, ndi kuchuluka kwake kwenikweni, osati theka. Usiku umenewo udzakhala wowawa. Koma mkazi wanu akhoza kupirira nambala yoopsa imene waimva kwa inu kuposa imene adzaimve kwa wa katapila pa tsiku la maliro anu.

Kwa akulu anzanga ndi atsogoleri a milaga, pempho langa n'lakuti banja likabwera ndi mlandu wa ndalama, tifunse mbali zonse ziwiri mafunso ofanana, ndipo tisathere pa kufunsa kuti ndalama inapita kuti. Tifunsenso ngati munthuyo akugona tulo, ngati akudya, ngati akusangalalabe ndi zimene ankasangalala nazo, ndipo ngati anaganizapo zochotsa moyo wake. Funso lomalizali lifunseni mosazungulira. Kulifunsa sikuika maganizowo mwa munthu, koma kumampatsa khomo lolankhulira. Akavomera, musamusiye yekha, ndipo mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Yambirani pa chipatala cha boma cha m'boma lanu ndi kufunsa za ogwira ntchito ya matenda a m'maganizo. Kulinso chipatala cha Zomba Mental, ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amapereka uphungu. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga.

Amene akufuna kulankhula nane, musalembe za m'nyumba mwanu pansi pa kalata ino pamene aliyense akuwerenga. Nditumizireni uthenga wapadera, kapena mundipeze Lamulungu tikatuluka mapemphero oyamba. Ndimakhala kuseri kwa vesitile mpaka achiwiri atayamba. Abambo, ngati kubwera nokha kukukuvutani, nenani kuti mwabwera kudzafunsa za zopereka za chitukuko, ndipo tidzayambira pamenepo.